Mwana wodikira Dzungu Lalikulu

Pa 27 Okutobala 1966, wailesi ya kanema ya CBS ku America inaonetsa katuni ya mphindi pafupifupi 25 yotchedwa It's the Great Pumpkin, Charlie Brown. Nkhani yake si yaitali. Kamnyamata kena, Linus, kakuchezera usiku wonse m'munda wa maungu kudikira mlendo amene sakubwera. Mnzake Charlie Brown akuyenda khomo ndi khomo ndi ana anzake kupempha maswiti, koma iye yekha akubwerako ndi thumba la miyala. Kamtsikana kamene kakhulupirira Linus kakuphonya chisangalalo chimene chimabwera kamodzi pachaka. Galu akudziyesa woyendetsa ndege ya nkhondo, ndipo ngakhale m'maganizo akewo adani akumuombera mpaka kugwa. Palibe amene akupeza chimene amafuna. Komatu pafupifupi theka la anthu amene ankaonera kanema ku America madzulo amenewo anatchera pa katuniyi, ndipo amene anaionera ali ana lero akuionera ndi zidzukulu zawo.

Zimenezi n'zodabwitsa tikaganizira mmene makatuni ambiri a ana amathera. Kawirikawiri wozunzika amapukutidwa misozi, wodikira amalandira chimene amadikira, wankhanza amachita manyazi nkhani isanathe. Katuni iyi inakana zonsezi, ndipo ine ndikuona kuti mphamvu yake yagona pomwepo. Imalemekeza ana moti siiwanamiza.

Halloween imachitika pa 31 Okutobala, madzulo otsogolera tsiku limene mipingo ina imakumbukira Oyera Onse. Mwambowu unafika ku America ndi anthu ochokera ku Ireland ndi Scotland m'zaka za m'ma 1800. Kwawo ankasema nkhope pa mizu ya tanipi n'kuikamo moto. Ku America anapeza maungu akuluakulu osavuta kuboola, ndiye dzungu linalanda malo. Pofika m'ma 1950 chikondwererochi chinali chitasanduka cha ana: amavala zigoba ndi zovala zoopseza, amagogoda pamakomo a anthu oyandikana nawo, eni nyumba n'kuwaponyera maswiti m'matumba. Nthawi imeneyi, pamene kuno dzuwa likuswa mtengo, kumeneko masamba amakhala akufiira n'kuyoyoka, maungu atakhwima m'minda, chisanu chikuyamba kuluma usiku. Mwana wogona panja pa 31 Okutobala amanjenjemera ndithu, ndipo zimenezi n'zofunika kuzikumbukira tikafika kumapeto kwa nkhaniyi.

Ana a m'katuniyi anabadwira m'nyuzipepala. Charles M. Schulz, mwana wa wometa tsitsi amene anabadwira ku Minneapolis mu 1922, anayamba kujambula tinkhani ta Peanuts pa 2 Okutobala 1950 ndipo anapitiriza ndi dzanja lake yekha kufikira kumapeto kwa moyo wake. Anamwalira pa 12 Febuluwale 2000, ndipo kankhani kake komaliza kanatuluka m'mawa mwake. Dzungu Lalikulu, mlendo amene Linus amadikira uja, linatchulidwa koyamba m'tinkhanito mu Okutobala 1959. Schulz ankafotokoza chiyambi chake mosapita m'mbali: Linus ndi mwana wanzeru amene wangosokoneza zikondwerero ziwiri, watenga zonse zimene ana amauzidwa za Santa Claus n'kuziveka dzungu.

Pafupifupi chaka chimodzi katuniyi isanatuluke, pa 9 Disembala 1965, CBS inaonetsa A Charlie Brown Christmas, imene mabwana a wailesiyo ankaiona ngati yozizira, koma anthu anaikonda koopsa. Yachiwiri, ya masewera a baseball, inatuluka mu Juni 1966. Lee Mendelson, amene ankayendetsa ntchito yonseyi, ankasimba kuti pambuyo pake a CBS anamuuza kuti akufuna ina yoti izibwerezedwa chaka ndi chaka ngati ya Khirisimasi ija, apo ayi mgwirizano ukhoza kuthera pomwepo. Iye, Schulz ndi Bill Melendez, mmisiri wa makatuni wobadwira ku Hermosillo ku Mexico amene anagwirapo ntchito kwa Disney ndi Warner Bros., anakhala pansi n'kusankha nkhani ya Linus. Anthu opanikizidwa chotero, ambiri akanasankha nkhani yotsekemera kuti asaluze msika. Iwo anasankha mwana amene akhumudwe pamaso pa dziko lonse.

Chikhulupiriro cha Linus chili ndi malamulo ake, ndipo amawadziwa bwino. Usiku wa Halloween, Dzungu Lalikulu limatuluka m'munda wa maungu, limauluka ndi thumba la zidole, n'kugawira ana abwino a dziko lonse. Koma silituluka m'munda uliwonse. Limasankha umene uli woona mtima koposa, wopanda chinyengo ngakhale pang'ono. Lamulo limeneli ndi msampha woopsa, chifukwa likapanda kubwera, Linus sangalinene kuti kulibe; wolakwa amakhala iye mwini ndi munda wake. Tikumuona atakhala patebulo akulemba kalata, anzake akubwera mmodzimmodzi kudzamuseka. Galu uja, Snoopy, akuseka mpaka kugubuduka. Mlongo wamkulu wa Linus, Lucy, akumuopseza ndi chibakera chifukwa akumuchititsa manyazi kwa anzake. Linus akupitiriza kulemba. Ndiye pansi pa kalatayo akuwonjezera pempho limene kwa ine ndi mtima wa katuni yonseyi: akupempha Dzungu Lalikulu kuti ngati ndi labodzadi, lisamuuze, chifukwa sakufuna kudziwa. Mwanayu si wopusa. Kukayika ali nako, wangokutsekera m'chipinda chamkati.

Kukayikako kumadzatulukira poyera usiku. Anzake atamusiya yekha m'mundamo, iye akuwakuwira kuti adzawanenera zabwino kwa mlendoyo, koma lilime likumuterereka, akuyankhula ngati munthu amene sakutsimikiza kuti mlendoyo abwera. Nthawi yomweyo akudzigwira pakamwa, mantha atamugwira, poganiza kuti kuterereka kumodziko n'kokwanira kuti Dzungu Lalikulu limulambalale. Aliyense amene anakhalapo ndi chiyembekezo chimene amaopa kuchiyang'anitsitsa amawadziwa mantha amenewa.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Linus wadekha kuposa mwana aliyense, koma chimene akuona ndi chithunzithunzi chakuda chikutuluka pakati pa maungu mwezi uli kumbuyo kwake. Akukomoka ndi chimwemwe. Chithunzithunzicho ndi Snoopy.

Anthu akhala akukangana ngati Schulz ankanyoza chipembedzo kapena ankachitamanda. Mpata wa mkanganowu anautsegula yekha. M'katunimo Charlie Brown akufunsa Linus kuti adzaleka liti kukhulupirira zinthu zabodza, Linus n'kuyankha kuti adzaleka tsiku limene mnzakeyo adzaleke kukhulupirira mkulu wa ndevu zoyera ndi chovala chofiira uja, ndipo Charlie Brown akuitenga nkhaniyo ngati kusiyana kwa mipingo basi. Penanso Linus akuika Dzungu Lalikulu pamodzi ndi chipembedzo ndi ndale monga nkhani zimene waphunzira kusakambirana ndi anthu. Schulz anali munthu wodziwa Baibulo, anaphunzitsapo Sande sukulu, ndipo ndi iye amene anaumirira kuti Linus yemweyu awerenge Uthenga wa Luka m'katuni ya Khirisimasi ija. Ine sindiona kuti pano akuponya mwala kwa okhulupirira kapena kwa osakhulupirira. Chimene akuonetsa ndi mtengo umene munthu amalipira akakhala yekha pa chimene amakhulupirira, komanso mtengo umene amalipiritsa ena. Pachiwiripa m'pamene pali Sally, mlongo wake wamng'ono wa Charlie Brown. Iye alibe nazo ntchito za maungu. Wakhala m'mundamo chifukwa amamukonda Linus. Chinali chaka chake choyamba choyenda nawo kopempha maswiti, ndipo wachitaya. Atazindikira kuti wadikira galu, akumugwira Linus pamalaya n'kumugwedeza, akukuwa kuti amulipire. Katuniyo siimutenga Sally ngati wosakhulupirika. Mkwiyo wake ndi wolungama, ndipo Linus alibe choyankha.

Mbali ya Charlie Brown ndi yopweteka mwa njira ina. Kumayambiriro Lucy akumugwirira mpira wosongoka wa ku America uja kuti authamangire n'kuumenya. Iye akukana, chifukwa akudziwa kuti Lucy amauchotsa nthawi zonse. Lucy akutulutsa chikalata chosainidwa cholonjeza kuti sauchotsa. Charlie Brown akuchiwerenga, akukhulupirira, akuthamanga, ndipo akugwa chagada. Lucy akunena modekha kuti chikalatacho sichinadindidwe ndi wa malamulo. Kenako Charlie Brown akulandira kalata yomuitana kuphwando la mtsikana wina, Violet, akuvina ndi chimwemwe, Lucy n'kumuuza kuti panali ndandanda ziwiri, ya oitanidwa ndi ya osaitanidwa, ndipo dzina lake linangosochera. Popanga chovala cha mzukwa, anzake akuboola mabowo awiri a maso pansalu ya pabedi. Iye sizasi yamuvuta, nsalu yonse yadzaza mabowo. Kuphwandoko atsikana akumuitana mwaulemu kuti awathandize, iye n'kusangalala, osadziwa kuti akufuna kujambula nkhope ya dzungu pankhongo pake.

Koma miyala ija ndiyo imatsala m'mutu. Anawo akachoka pakhomo amaima m'bwalo n'kusuzumira m'matumba. Wina akuti wapeza maswiti, wina chingamu, wina ndalama. Womaliza amakhala Charlie Brown, ndipo amanena kuti wapeza mwala. Zikuchitika katatu, ndipo mawu ake sakwera, salira, sadandaula. Chimene chimandivutitsa maganizo n'chakuti oponya miyalayo ndi akuluakulu. M'dziko la Peanuts akuluakulu saoneka, ndiye timangoona zinthu zikuuluka kuchokera pakhomo kugwera m'matumba. Munthu wamkulu wina, amene nkhope yake sitidzaiona, waona mwana wovala nsalu yobookabooka n'kusankha kumupatsa mwala. Katuniyo siipereka chifukwa, siilanga aliyense. Schulz ankasimba kuti itangoonetsedwa, anthu a m'madera osiyanasiyana anayamba kutumiza mabokosi a maswiti ku ofesi yake kuti apatse Charlie Brown. Anthuwo ankadziwa bwino kuti mwanayo ndi wa inki ndi pepala. Chisoni chinawakulira moti anafuna kukonza ndi manja awo chimene katuniyo inakana kukonza. Ikanakhala kuti pamapeto pake wina anamugawira Charlie Brown maswiti, oonerera akanapuma n'kukagona, ndipo palibe akanapita ku positi ofesi.

Pali makolo amene amati nkhanza zimenezi zachuluka kwa ana aang'ono, ndipo sindikuwatsutsa kwathunthu. Mawu onyozana ndi ambiri m'mphindi 25 zimenezi. Ana amatchulana opusa mosaopa. Mwana wa zaka 4 akhoza kutolapo mawuwo osatolapo chisoni chake. Koma mwana wa zaka 8 amene anasiyidwapo kunja kwa masewera sakuphunzira chachilendo pano. Akungoona koyamba kuti zimene zimamuchitikira pabwalo la sukulu wina anaziona n'kuzijambula.

Chimene chimaletsa katuniyi kukhala yowawa yokhayokha ndi Lucy, yemwe uja wa mpira ndi chibakera. Poyenda m'makomo muja, iye amapempha maswiti owonjezera oti akapatse mlongo wake, uku akung'ung'udza kuti zikumuchititsa manyazi. Ndiye usiku, wotchi ikulira 4 koloko m'bandakucha. Lucy akudzuka, akusuzumira m'chipinda cha Linus, akupeza bedi lili lokha. Akuvala chikhoti pamwamba pa zogonera, akutuluka, akumupeza atagona pansi m'munda, atadzikulunga m'kabulangete kake, mano akugundana. Akumudzutsa, akumutsogolera kunyumba ali m'tulo, akumukhazika pabedi, akumuvula nsapato, akumufunditsa, n'kutuluka nkhope ili yokwinya ngati kale. Sananene liwu ngakhale limodzi. Sanapepese, sanasinthe khalidwe, ndipo mawa adzamunyozanso. Schulz anadziwa kuti chikondi cha pachibale nthawi zambiri chimaoneka chonchi, chimachitika pamene palibe woonerera ndipo wochitiridwayo sadzakumbukira.

Mbali ya Snoopy imaoneka ngati yapadera, ndipo ana ena amatopa nayo. Galuyo wavala chipewa cha chikopa, magalasi ndi mpango, wakwera pa denga la kanyumba kake, ndipo m'maganizo ake kanyumbako ndi ndege ya Sopwith Camel ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse, akulimbana ndi Red Baron, dzina limene ankamutcha Manfred von Richthofen, woyendetsa ndege wa ku Germany amene anaphedwa mu Epulo 1918. Kanyumbako sikachoka pansi. Chimene chikuyenda ndi thambo kumbuyo kwake, ndipo mitundu ikusinthasintha, kufiira, kubiriwira, mpaka mabowo a zipolopolo kuonekera m'mbali mwake ndi utsi kufuka. Apa m'pamene luso la Melendez linapeza malo otambasukira, chifukwa ana a Schulz, ndi mitu yawo ikuluikulu ndi timanja tatifupi, sayenda kwambiri. Atagwa, Snoopy akuyenda chokwawa usiku kudutsa midzi ya ku France, kudutsa zikwangwani za Châlons-sur-Marne ndi Pont-à-Mousson, kuoloka mtsinje, kubisala m'nyumba zogumuka. Kwa mphindi zingapo palibe woyankhula, kumangomveka chitoliro chapansipansi ndi kulira kwa sitima patali. Thambo lake ndi la utoto wa madzi, lofiirira ndi lakuda. Pambuyo pake, kuphwando, mnyamata wina, Schroeder, akumuimbira pa piyano nyimbo za asilikali a nkhondo ija. Pa zachangu Snoopy akuguba mokondwa, pa zachisoni akulira mpaka kutuluka panja ndi manyazi. Schulz anali msilikali ku Ulaya pa nkhondo yachiwiri, ndipo mayi ake anamwalira mu 1943 masiku omwewo amene iye ankanyamuka kupita ku usilikali. Kusungulumwa kwa galu woyenda yekha usiku uja sikunachokere m'mabuku. Ndipo Snoopy ndi Linus akuchita chinthu chimodzi: onse akukhala m'dziko limene anzawo sakuliona. Kusiyana kwake n'kwakuti galuyo safuna kuti wina amuvomereze, n'chifukwa chake savulala.

Zinthu ziwiri zimene mabwana a CBS ankadandaula nazo mu 1965 ndi zimene zathandiza kuti katuniyi isakalambe. Choyamba ndi mawu. Nthawi imeneyo ana a m'makatuni ankayankhulidwa ndi akuluakulu odzichepetsa mawu, koma Mendelson ndi Melendez anatenga ana enieni: Peter Robbins monga Charlie Brown, Christopher Shea monga Linus, Sally Dryer monga Lucy, ndi Kathy Steinberg monga Sally. Anawa amatchula mawu akuluakulu amene mwina sankawamvetsa, amapuma pamalo osayembekezeka, ndipo kudodoma kumeneko kumamveka koona kuposa luso la katswiri. Mendelson ankasimba kuti dzino la Steinberg linayamba kugwedera ntchito isanathe, ndiye anathamangira naye kojambulira mawu kuti amalize lisanazuke n'kusintha katchulidwe kake. Palibenso kuseka kojambuliratu kumene mapulogalamu a nthawiyo ankaika kuti auze anthu poyenera kuseka. Mwala ukagwera m'thumba, oonerera amasiyidwa okha kuti asankhe kuseka kapena kumva chisoni. Chachiwiri ndi nyimbo za jazi za Vince Guaraldi, woimba piyano wa ku San Francisco amene anamwalira mu 1976. Linus and Lucy, imene inatchuka ndi katuni ya Khirisimasi, ikutsegula nkhaniyi pamene awiriwo akugubuduza dzungu kupita nalo kunyumba, ndipo The Great Pumpkin Waltz ikuperekeza Linus polemba kalata, modekha, mopanda kumuseka. Nyimboyo ili kumbali ya mwanayo pamene anzake onse amutaya.

Kwa owerenga athu pali funso lina limene Amereka ambiri sadzifunsa. Lucy wavala chigoba cha mfiti, anzake ndi mizukwa, ndipo kwathu ufiti si nkhani yoseweretsa. Pali okalamba amene amenyedwa ndi kuphedwa chifukwa chongoganiziridwa. Makolo athu okhala ku Britain kapena ku America amakumana ndi funsoli mwezi wa Okutobala uliwonse, mwana akabwera kuchokera kusukulu akufuna chigoba. Ku America komweko iliponso mipingo imene imakana Halloween. Kholo lililonse lili ndi ufulu woweruza za chikondwererocho, ndipo katuniyi siikopa munthu kuti achikonde. Chimene ndinganene n'chakuti m'nkhani yakeyo mulibe matsenga. Mzukwa uliwonse ndi mwana wofunda nsalu, nsapato zikuonekera pansi, ndipo mwana wina, Pig-Pen, anzake akumuzindikira msanga chifukwa cha fumbi limene likumutsatira. Chinthu chokhacho chodabwitsa chimene chikuyembekezeka sichifika n'komwe.

Chimene diso la lero limaona msanga n'chakuti ana onse ndi azungu. Franklin, mwana woyamba wakuda m'tinkhani ta Peanuts, anadzaonekera mu Julaye 1968, mphunzitsi wina wa ku Los Angeles, Harriet Glickman, atalembera Schulz kalata pambuyo pa kuphedwa kwa Martin Luther King Jr. Dera la m'katuni ya 1966 ndi America ya mbali imodzi, ya nyumba zokhala ndi kapinga kumene mwana angayende usiku popanda womuperekeza.

Nkhaniyo imathera pakhoma la njerwa m'mawa mwake. Charlie Brown, pofuna kutonthoza mnzake, akumuuza kuti asadandaule, nayenso anachitapo zopusa zambiri. Linus akupsa mtima. Kudikira kwake sikunali kupusa, ndipo akulumbira mokuwa, manja ali m'mwamba, kuti chaka chamawa adzapeza munda woona mtima kwambiri ndipo adzadikiranso. Mayina a opanga katuni akudutsa iye akadakuwabe. Mapeto amenewa anagwirizana bwino ndi mmene katuniyo inkaonetsedwera, chifukwa chaka chamawacho chinkafikadi: CBS inaionetsa chaka chilichonse mpaka 2000, ndipo ABC inapitiriza kuyambira 2001 mpaka 2019. Mwana aliyense wa m'nyumba yokhala ndi kanema, yolemera kapena yosauka, ankaionera madzulo amodzimodzi, ndipo wophonya ankadikira miyezi 12.

Mu 2020 kampani ya Apple inaitenga kupita nayo ku Apple TV+, ndipo kwa nthawi yoyamba kuyambira 1966 sinaoneke pa wailesi za kanema zaulere. Anthu masauzande ambiri anasaina madandaulo pa intaneti. Mu 2021 inaonetsedwa pa PBS, koma mgwirizano umenewo sunapitirire; tsopano Apple imaitsegula kwaulere kwa masiku ochepa mu Okutobala, masiku enawo ndi ya olipira. Pali phindu lake: zithunzi zinayeretsedwa ndipo palibe zotsatsa malonda zodula nkhani. Koma ine ndili kumbali ya odandaulawo. Katuni ya mwana amene anzake amusiya panja inali imodzi mwa zinthu zochepa zimene ana onse a dzikolo ankalandira mofanana, ndipo tsopano kuti mwana aionere zimadalira ngati makolo ake ali ndi intaneti, chipangizo choyenera ndi ndalama yolipira mwezi ndi mwezi.